Mayi Bwerezani ndi Mawu Akuti "Ayenera"

Ku unduna wa zachuma ndi chitukuko anthu ankawatchula kuti Mayi Bwerezani, ndipo amene anayamba ntchito mochedwa ankayesa kuti ndi dzina la makolo. Dzinali linachokera ku khutu. Ali mwana anadwala malungo aakulu amene anawasiya ndi khutu lakumanzere logontha, choncho munthu akalankhula chotafuna mawu, iwo ankapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Pepani, bwerezani." Atakula anatulukira kuti mawu awiriwa ali ndi ntchito inanso. Munthu wolankhula zopanda mutu pamsonkhano amathamanga nazo kuti zidutse anthu asanazilawe. Ukamupempha kuti abwereze, amazimva yekha. Ndiye palibe amene ankadziwa ngati mayiwa sanamvedi, kapena angofuna kuti udye wekha zimene waphika.

Bambo awo anali wokonza mawotchi ndi mawailesi m'kachipinda ka lendi pamsewu wa mashopu. Manja anali a bambo, koma mutu wa shopuyo unali wa mayi. Mayi ndi amene ankasaka masipeyala ndi kutonthoza makasitomala okwiya, ndipo maso a bambo atayamba kuchita nkhungu, mayi ndi amene ankatola timano ta mawotchi ndi kachitsulo kopanira, bambo akungowauza poika. Bambo atamwalira, mwini nyumba anabwera ndi nkhope yachisoni n'kunena kuti chipindacho sangachisiye m'manja mwa munthu wamkazi popanda mwamuna womuimira.

"Kodi zaka zonsezi amene mumaonana naye ndi ndani?" anafunsa mayiwo.

"Ndinu, koma mumabwera m'dzina la amuna anu."

Shopu inapita kwa wogulitsa nsapato. Mwana wawo wamkazi, Mayi Bwerezani amenewa, amene panthawiyo anali kusekondale, ndiye anasenza kabati yagalasi kupita nayo kunyumba, mawotchi akuliralira pamutu pake iliyonse nthawi yakeyake. Anaiika pakhonde, koma makasitomala sanailondole. Nkhani imeneyi inawakhala pamtima Mayi Bwerezani moyo wawo wonse, ngakhale sanaigwiritsepo ntchito pamsonkhano uliwonse. Anzawo akamawauza kuti ikhoza kufewetsa mitima ya anthu, ankayankha kuti, "Mayi anga si chitsanzo. Ndi mayi anga."

Anaphunzira zachuma kuyunivesite n'kulowa ntchito mu unduna. M'chigawo chawo munthu wamkazi analipo ndi iwo okha, kupatula otayipa. Alendo ochokera kunja akalowa m'chipinda cha misonkhano ankavula majekete n'kuwapatsa iwo. Ankalandira ndi manja awiri, kuwapachika bwinobwino, kenako n'kukhala pampando, kutsegula chikwama, n'kuyamba kufotokoza mmene ngongole za dziko zikuyendera. Ankati malipiro a ntchito yopachika majekete anali kuona nkhope za alendowo.

Firiji ya mu ofesi itawonongeka kunabwera munthu wokonza, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono. Firiji inachira tsiku lomwelo, koma munthuyo anapitirizabe kubwera kudzaiona ngati ili bwino. Abale amati anafunsira kangapo konse ali kumbali ya khutu logontha, n'kumabwerera kwawo akuganiza kuti wakanidwa, mpaka tsiku lina anayenda kumanja. Anakwatirana chaka chomwecho.

Ulendo wawo woyamba wa kunja unafa usanabadwe. Anali atalemba pepala lofotokoza chifukwa chimene ngongole za mapampu othirira sizifikira amayi: mabanki amafuna chikalata cha malo, ndipo zikalatazo zimakhala m'maina a amuna. Pepalalo linasankhidwa kukawerengedwa kumsonkhano wa mayiko. Koma panthawiyo anali oyembekezera, ndipo bwana wawo wakale anawayang'ana pamimba n'kupukusa mutu.

"Mayi, ndege si minibasi yoti tingaimitse panjira. Mukachira m'mwambamo, mwanayo adzakhala nzika ya dziko liti?"

"Pepani bwana, bwerezani."

Bwanayo anabwerezadi, akuseka, chifukwa pali anthu ena amene mankhwalawa sawagwira. Anapita yekha ndi pepalalo, analumpha masamba onse onena za amayi poti nthawi inachepa, ndipo pobwera anawabweretsera cholembera chokhala ndi chizindikiro cha msonkhanowo. Cholemberacho sichinkalemba.

Anabereka mapasa, mnyamata ndi mtsikana. Anabwerera kuntchito ali owonda ndi aukali, ndipo pang'ono ndi pang'ono unduna unazindikira kuti ukafuna kubwera ndi kanthu kuchokera kumisonkhano ya mayiko, uyenera kutuma iwo. Maulendo atachuluka, bambo a mapasa ndiwo ankatsala ndi ana. Ankawasambitsa, kuwaperekeza kusukulu, n'kumaluka tsitsi la mtsikanayo mokhotakhota moti aphunzitsi ankadziwira pamutu pa mwana kuti mayi ake achoka. Anzawo a kumalo okonzera mafiriji ankawaseka.

"Achimwene, kunyumba kwanu tamva kuti amalira ndi thadzi."

"Bola kukucha," ankayankha iwo, osachotsa ngakhale mutu kumbuyo kwa firiji.

Sikuti mayiwa anali mngelo. Msonkhano sankadziwa kuusiya pakhomo. Mwana akapempha nsapato ankayenera kupereka zifukwa, ndipo mkangano wa m'nyumba sankauleka mpaka mnzawo atavomereza kuti wagonja. Mtsikana wawo atachitidwa opaleshoni ya m'mimba iwo anali kunja, ndipo sanadule ulendo. Atabwera, mwanayo anatembenukira kukhoma. Kupepesa sankakutha, choncho anamugulira diresi, lomwenso linali laling'ono chifukwa sanazindikire kuti mwana wakula. Panatenga nthawi kuti awiriwa ayambenso kucheza momasuka.

Nkhani imene anthu amawakumbukira nayo kwambiri inachitika imvi zitayamba kale. Mayiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza mayiko osauka kupeza magetsi a dzuwa, mapampu othirira ndi madamu. Kunatsala msonkhano womaliza wogwirizana malamulo a thumbalo. Zolembedwa zoyamba zinkangoti amayi adzapindula. Mayi Bwerezani ankadana nawo mawu amenewa. Ankati wopindula amadikira panja, pamene ogawa ali m'nyumba. Choncho iwo ndi anzawo a mayiko ena analowetsamo ndime yakuti m'makomiti onse ogawa chithandizocho theka la mipando liyenera kukhala la amayi, ndiponso kuti munthu asakanizidwe chithandizo chifukwa chongosowa chikalata cha malo. Pamisonkhano yotere, mawu amene anthu sanagwirizane amawatsekera m'mabulaketi, ndipo ndime yawoyo inali m'mabulaketi kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Munthu amene ankamufuna kwambiri paulendowu anali loya wa unduna, mayi wofatsa amene ankaona mbuna m'chiganizo anthu ena onse ataponda n'kudutsa. Koma loyayo anali ndi khanda loyamwa, ndipo bwana wamkulu wa unduna anamuchotsa pagulu. Bwanayu anali wamng'ono kwa Mayi Bwerezani. Iwo ndi amene anamuphunzitsa ntchito atangobwera kumene, ndipo ankawatchula kuti amayi.

"Amayi, sikuti ndi nkhanza," iye anatero mayiwo atamulowera mu ofesi. "Ndikumuganizira. Mwana wamng'ono, dziko lozizira."

"Mwamufunsa mwini wake?"

"Ndinaona kuti ndisamuvutitse."

"Ine ndamufunsa. Akufuna kupita, ndipo mwamuna wake wagula kale zipewa zaubweya. Mukamusiya, ndisiyeninso ine. Mukalimbane nawo nokha maloya a mayiko olemera aja."

Bwanayo anakanda pamphumi nthawi yaitali. "Chabwino. Koma mwanayo akalira, si wa boma."

Pachipata cha nyumba ya msonkhano mlonda anawaimitsa. Lamulo linkati aliyense wolowa akhale ndi baji ya chithunzi, ndipo silinanene kanthu za makanda. Anaitana womuyang'anira, iyenso anaitana wina. Potsiriza khandalo analijambula likuyasamula, n'kulipatsa baji ya woonerera, imene anaimangirira pansalu yoberekera. Nthumwi zimene zinali pamzere zinaseka, ndipo pofika masana nyumba yonse inali itamva kuti kwabwera woonerera wopanda mano.

Chipinda chokambiranamo chinalibe mawindo. Munali matebulo aataliatali okhota ngati uta, timabotolo tamadzi, ndi chinsalu chachikulu kutsogolo pamene mawu a mgwirizano ankaonekera. Mayi Bwerezani anavala hedifoni kukhutu lakumanja lokha. Ndime yawo itafika, nthumwi ya dziko lina lolemera, bambo wa imvi zonyezimira ndi mawu osalala, anayamba ndi kuyamika amayi. Anatchula mayi ake omubala, mkazi wake, ndi ana ake aakazi. Kenako anapempha kasinthidwe kakang'ono chabe: m'malo mwa "ayenera" alembe kuti "akulimbikitsidwa", kuti mayiko asamangike manja. Anawonjezera, mothamanga, kuti ndiponso m'mayiko ena amayi odziwa zinthu zoterezi ndi ovuta kuwapeza.

Kagetsi kofiira ka pamaikolofoni ya Mayi Bwerezani kanayaka.

"Pepani a tcheyamani, khutu langa ndi limodzi. Chiganizo chomalizacho abwereze."

Bamboyo anabwereza, koma mawu anali atasintha: tsopano anati mwina m'madera ena zingatenge kanthawi kuwapeza. Omasulira anamasulira m'zilankhulo zonse. Amayi amene anakhala kumbuyo kwa mabwana awo, aja olemba zimene mabwanawo amawerenga, anayamba kudzutsa mitu.

"Ndamva tsopano, zikomo," anatero Mayi Bwerezani. "Mnzanga ali ndi funso laling'ono."

Loya uja anali akuyamwitsa, atafunda nsalu paphewa. Anakokera maikolofoni pafupi ndi dzanja limodzi n'kulankhula motsitsa. Anati wawerenga mgwirizano wonse, ndipo paliponse ponena za kubweza ngongole ndi kufufuza mmene chithandizo chagwirira ntchito palembedwa kuti mayiko osauka "ayenera". Ngati mawuwa akumanga manja, kodi nthumwi yolemekezekayo ingakonde kuti awafewetse monsemo, kuti mayiko osauka azingolimbikitsidwa kubweza?

M'chipindamo munaphulika phwete. Ngakhale tcheyamani anabisa pakamwa ndi pepala. Bambo wa imvi uja anamwetulira, anaweramitsa mutu ngati munthu wovomereza kuti chigoli chalowa, n'kupempha kuti apume kaye.

Koma nkhondo za m'nyumba zimenezi sizithera pamaikolofoni. Nthawi ya chakudya chamasana bwana wamkulu uja anaitanidwa pambali, kenako foni yake inalira, ndipo anaiyankha ataimirira. Anawapeza Mayi Bwerezani m'khonde, pafupi ndi popachika makhoti, ndipo sankawayang'ana kumaso.

"Amayi, anduna aimba. Mayiko olemera aja atilonjeza mpando m'bungwe lalikulu loyendetsa thumbali, tikangoisiya ndime ija. Anduna akuti musalankhulenso za nkhaniyi m'chipindamo."

Apa sananene kuti bwerezani. Anamva bwinobwino. Anali wantchito wa boma, ndipo ankadziwa kuti pamaikolofoni paja salankhula iwo, limalankhula dziko.

"Mpandowo adzakhalapo ndani?" anafunsa.

Bwanayo anayamba kupukuta galasi la foni yake ndi chala.

"Chabwino, mwanawe. M'chipindamo sindilankhula."

Anapita kwa loya uja n'kumuuza kuti adye mwamtendere, mwana amugwirira. Anabereka khandalo kumsana n'kuyamba kuyendayenda m'holo ya tiyi ngati gogo aliyense wotonthoza mdzukulu. Aliyense ankafuna kuona woonerera wotchuka uja. Anabwera amayi a mayiko akutali ndi apafupi, ena nduna, ena olemba chabe, kudzagwira timiyendo ndi kufunsa miyezi yake. Aliyense wofunsa kuti ndime ija ikuyenda bwanji ankamuyankha zoona, kuti iwo awamanga pakamwa ndipo ndimeyo yatsala yamasiye. Sanapemphe munthu kanthu. Mmodzi mwa amene anamva anali nthumwi ya kadziko ka pachilumba, mayi wamkulu thupi amene kale ankayendetsa sitima zonyamula katundu. Anamwa tiyi wake kamodzi n'kamodzi, n'kuika kapu pansi mwamphamvu.

"Wamasiye amaleredwa ndi azakhali," anatero, n'kuchoka.

Masanawo Mayi Bwerezani anakhala pamzere wakumbuyo, khanda lili m'tulo pamiyendo, manja awo ali kutali ndi maikolofoni. Woyendetsa sitima uja ndiye anaidzutsa ndimeyo, ndi mawu ozolowera kulimbana ndi mphepo. Dziko lina linamuvomereza, kenako lina, kenako ena amene m'mawa anangokhala chete. Anakokanakokana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza theka lija linadulidwa n'kukhala gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma mawu akuti "ayenera" anatsala, nkhani ya chikalata cha malo inatsalanso, ndipo mabulaketi anafufutidwa anthu onse akuona. Mpando umene analonjeza uja unapita kwina.

Anthu ankaomba m'manja, koma Mayi Bwerezani anali atakwinya nkhope.

"Tinapita kokagula ng'ombe, tabwerako ndi mbuzi," anadandaula ali m'basi yobwerera kuhotela.

"Mbuzi imaswa, amayi," anayankha loyayo, akuchotsa baji pansalu ya mwana.

Kwawo sanawalandire ndi maluwa. Palibe amene anawadzudzula, chifukwa lamulo sanaliphwanye, koma pasanapite nthawi anawasamutsira ku ofesi yoona za maphunziro a ogwira ntchito, kachipinda ka kumapeto kwa khonde, koyandikana ndi jenereta. Maulendo anatha. Zinawapweteka kuposa mmene ankaonetsera. Ankafika kunyumba dzuwa likadalipo n'kumakonza makabati okonzakonza kale, mpaka bambo a mapasa anawadandaulira kuti sakupezanso sikuludiraiva pamene anaisiya. Bwana wamkulu uja akakumana nawo pamasitepe ankayang'ana foni. Tsiku lina iwo anamuimitsa n'kumukonza kolala ya shati.

"Usamandithawe, mwanawe. Unachita ntchito yako, ine ndinachita yanga."

Chimene chinawadzutsa ndi mkwiyo watsopano. Komiti ya dziko lawo yogawa chithandizo cha thumba lija itakhazikitsidwa, mipando ya amayi inadzazidwa ndi mlamu wa uje, mphwake wa uje, ndi mayi wina amene ankangobwera kudzasaina. Atafunsa, anauzidwa nyimbo yomwe ija, kuti amayi oyenera sakupezeka.

Ndiye anayamba kuwasaka okha. Loweruka lililonse ankakwera basi kupita kumene amva kuti kuli mayi woyendetsa kampani yokumba zitsime, kapena injiniya wa magetsi amene akumuika kolandira alendo, kapena mtsogoleri wa gulu la alimi othirira. Ambiri ankakana. Ntchito ankaidziwa, koma ankaopa matebulo aataliatali ndi chilankhulo cha m'mapepala. Mayi wa zitsime uja anawauza mosabisa kuti atha kulimbana ndi thanthwe tsiku lonse, koma mwamuna wa tayi akangomudula mawu, lilime limauma.

"Ndiye bwerani tidzalinyowetse," anatero Mayi Bwerezani.

Atapuma pantchito, sukulu yawo inakhazikika m'shedi ya amuna awo, pakati pa mafiriji akufa ndi mabotolo a gasi. Chitseko cha firiji yakale atachigoneka pa zidebe chinakhala tebulo la msonkhano. Loya uja, amene tsopano ndiye ankatsogolera nthumwi za dziko kunja, ankabwera akapeza mpata kudzawaphunzitsa kuwerenga ndime ndi kununkhiza msampha. Mtsikana wa mapasa uja, atakhala namwino ndi mayi wa ana ake, ankabwera ndi fulasiki ya tiyi n'kumaseka mayi ake kuti ophunzira awo akuwalezera mtima umene ana obala sanauone. Mayiwo ankangoti, "Ukunena zoona," ndipo banja lonse linkadziwa kuti kuchokera pakamwa pamenepo mawu amenewa ndi ng'ombe yathunthu.

Chinkasowa ndi munthu woti azisewera ngati tcheyamani wovuta. Ntchitoyi anaipatsa bambo a mapasa, munthu amene moyo wake wonse sanadulepo mawu a wina. Tsiku loyamba ankachita manyazi. Pofika mwezi wachiwiri anali atagula tayi. Ankakhala kumutu kwa chitseko chija, sipanala m'manja ngati nyundo, n'kumayang'ana wotchi mayi akangoyamba kulankhula.

Loweruka lina inali nthawi ya mayi wa zitsime. Anaimirira n'kuyamba kufotokoza chifukwa chimene mapampu ena amafera chaka chisanathe.

"Mayi, nthawi yatithera," anadula tcheyamani, akugogoda ndi sipanala. "Mfundo yanu ndi yabwino, tidzaiona ulendo wina."

Mayiyo anayang'ana kwa mphunzitsi wake. Mayi Bwerezani ankangoyang'ana kudenga.

"A tcheyamani," anatero mayi wa zitsime, "bambo amene analankhula ine ndisanaimirire simunawayang'anire wotchi. Ndimaliza kaye."

"Mukundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi. Ndikumaliza."

Ndipo anamalizadi, thukuta lili kamukamu, mpaka amayi anzake anaimirira n'kumenya mafiriji ngati ng'oma. Tcheyamani anavula tayi n'kudandaula kuti ntchito imeneyi imupha ndi njala, ndipo akazi ake anamuthirira tiyi ndi manja awo.

Komiti ija itasankhidwanso, mayi wa zitsime analowamo pamodzi ndi injiniya wa magetsi. Injiniyayo anatopa n'kusiya chaka chisanathe. Mayi wa zitsime akadalimo, ndipo amene amakhala naye amati ndi munthu wovuta kwambiri. Mayi Bwerezani atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola, kenako anafunsa ngati pali amene akudziwa mayi wina wodziwa za madamu.